Kalata ya Rozi Pamaso pa Ankhoswe

Pali anthu amene anakanika kupita kunja chifukwa chosowa pasipoti, ena chifukwa mayeso a Chingerezi anawagwetsa. Ine ulendo wanga unakaphulikira pansi pa mtengo wa mapeyala ku Masambanjati, pamaso pa apongozi anga, nditakhala pa mphasa ngati wakuba nthochi. Mpaka lero ndikamva munthu akung'amba envulopu pafupi nane, ndimatembenuka msanga.

Zinali m'zaka zija anamwino ankachoka m'dziko muno ngati ngumbi mvula ikangokata. Mwezi uliwonse unkangomva kuti uje wapita, uje watumiza chithunzi atavala chijasi chofika m'mawondo, ataima pafupi ndi galimoto (ya eni ake, tinadziwa pambuyo pake). Ine ndinali namwino pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ntchito yanga inali kubaya jakisoni, kusoka anthu odzicheka ndi mipeni yodulira tiyi, ndi kuthandiza amayi kuchira pamene ambulansi ya kampani yafera pamtunda. Tsiku lina ndikupalasa njinga m'chiperoni, magalasi atachita nthunzi, mphuno ikuchucha, ndinadzifunsa kuti ngati kuzizira ndikukutha kale chonchi, bwanji osakazizidwira kumene amalipira bwino?

Dzikolo sindilitchula, mwina ndingadzafunenso kupitako.

Ku Limbe kunali anyamata a zikwama zakuda amene ankalembera anthu mafomu. Ine ndinawanyoza. Ndinati munthu wophunzira ngati ine, wodziwa kuwerenga zolemba za madokotala zokhala ngati nkhuku yapalasa, sindingalephere fomu. Ndinayamba kukwera minibasi kupita ku kafe ya intaneti, kukatsitsa mapepala, n'kumabwera nawo nditawabisa m'kati mwa nyuzipepala. Kunyumba ndinkati ndinali ku msonkhano wa zaumoyo. Chaka chimenecho misonkhano ya zaumoyo inachuluka kwabasi.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinawauze akazi anga, amake Tadala. Zifukwa ndinali nazo, ndipo panthawiyo zinkaoneka zanzeru. Mnzanga wina wa ku fakitale analengeza msanga kuti akupita kunja, anthu anamuphera nkhuku, kutchalitchi anamupempherera ataimirira kutsogolo, ndipo tikunena pano akadali pompano, akuumitsa tiyi. Sindinkafuna zimenezo. Komanso ndinkalota tsiku limene ndidzalowe m'nyumba, n'kuika chilolezo patebulo, n'kunena modekha kuti, “Amake Tadala, longedzani.” Ndinkachita kuyeserera mawu amenewa pa njinga.

Mwa zonse zimene ankafuna, panali chimodzi chovuta: kalata yochokera kwa bwana wanga yondichitira umboni. Malangizo ake anali olembedwa ndi zilembo zakuda bii. Kalatayo ikhale yachinsinsi, bwana aimate yekha, asainire pomatapo, ndipo ikangooneka kuti inatsegulidwapo, pempho lonse alitaya.

Bwana wanga anali Sisitala Makwinja, mayi wamasiye wamkulu thupi, wa mawu oti akakuitana kuchokera ku chipinda cha mankhwala, ngakhale othyola tiyi kutsidya ankatembenuka. Tonse tinkangowatcha Sisitala. Ndinawapempha kalatayo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Nanunso mwayamba misala imeneyi?”

“Kungoyesa chabe, Sisitala.”

“Akazi anu akudziwa?”

“Akudziwa… pang'ono.”

“Hmm,” anatero, ndipo anandiuza kuti ndibwere Lachinayi.

Lachinayi ndinapeza kalata ili m'envulopu yoyera. Chidindo cha kiliniki chinali chitauma inki (chinauma kalekale, tinkachita kuchiuzira mpweya ngati moto), ndiye Sisitala anatenga cholembera chofiira n'kusainira pomatapo. Siginecha yawo inali chingwe chopotana, chowerengeka chinali dzina loyamba lokha: Rozi. Ine zaka zonsezo sindinkadziwa n'komwe kuti Sisitala ali ndi dzina loyamba. Kuti atsimikize kuti palibe angatsegule, anajambula ma X ofiira m'mbali mwa dzinalo. Anali atangodzola mafuta awo a m'manja onunkhira maluwa, moti envulopu yonse inatenga fungo.

“Mukaitsegula ndidziwa,” anatero pondipatsa.

Ndikanaitumiza tsiku lomwelo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ndinkadikirabe pepala lina lochokera ku sukulu yanga yakale, ndiye kalata inayenera kukhala kaye kunyumba. Apa ndiye panayambira uchitsiru.

Poyamba ndinaiika m'Baibulo. Kenako ndinakumbukira kuti amake Tadala amawerenga Baibulo m'mawa uliwonse, pamene ine ndimaligwira pa Sabata pokha. Ndinaisamutsira m'thumba la jekete ya suti. Mawa lake ndinaganiza za njenjete. Ndinaikulunga m'pulasitiki ya shuga n'kuilowetsa kuseri kwa kalendala. Chiperoni chitabwera khoma linayamba kutuluka thukuta, ndiye ndinaichotsa n'kuiika m'kati mwa wailesi, mmene mumakhala mabatire. Wailesi inasiya kulira, ana anayamba kuifuna. Pomaliza ndinakwera pampando n'kuiika pamwamba pa kabati, pansi pa chipewa chakale.

Munthu wobisa chinthu amaganiza kuti ndi wochenjera. Sadziwa kuti amayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ndikangofika kuchokera kuntchito, ndisanapereke moni, ndinkathamangira kuchipinda n'kutseka chitseko. Amake Tadala akatenga tsache kuti asese kuchipindako, ndinkawalanda. Ine, amene sindinagwirepo tsache chikwatirire.

Ndipo kunena zoona, kalatayo inkandiyabwa. Kodi Sisitala alembamo zotani? Kodi atchula tsiku lija ndinagona pa benchi ya odwala? Kutsegula sindikanatsegula, ulemu umenewo ndipatseni. Koma Lamulungu lina masana ndinaitsitsa, n'kuima nayo pawindo, kuipenyetsa kudzuwa kuti mwina mawu angaonekere. Sanaoneke. Ndinaitembenuza, ndinaigwedeza pafupi ndi khutu (sindikudziwa kuti ndinkayembekeza kumva chiyani). Kenako, poopa kuti mwina yatenga chinyezi, ndinaiika pamphuno n'kuinunkhiza, maso nditatsinzina.

Nditatsegula maso, amake Tadala anali pakhomo, atanyamula zovala zochapa.

“Bambo a Tadala, chimenecho n'chiyani?”

“Palibe.”

“Palibe amanunkhizidwa?”

“Ndi za kuntchito.”

“Ndione.”

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufotokoza zonse. Ine ndinabisa envulopu kumbuyo ngati mwana woba chigumu, n'kunena mawu amene ndidzanong'oneza nawo bondo mpaka kumanda: “Sizikukukhudzani.”

Sanakalipe. Anangoti, “Chabwino,” n'kuyamba kupinda zovala mwaukhondo kwambiri. Amuna anzanga, mkazi akanena kuti chabwino motero, musagone tulo tabwino. Ine ndinagona, mkonono ndithu.

Lachiwiri nditaweruka ndinapeza nyumba ili zii. Ana kulibe, amake kulibe. Ndinakwera pampando: chipewa chilipo, envulopu palibe. Ndinatuluka thukuta m'chiperoni. Kunja ndinapeza a Nachuma, oyandikana nafe, akusesa pakhomo poyera kale, maso ali kwa ine.

“Apita kwawo ku Masambanjati,” anatero ndisanafunse. “Anandionetsa envulopu ija. Ine sindinanene zambiri ayi. Ndinangowauza kuti amuna anga ali ku Joni ankandilembera ma X otero, ndiye kuti kupsompsona. Ofiira ndiye sindinalandirepo. Zikuoneka kuti kwanuko zafika patali.”

Uthenga unabwera kudzera kwa kondakitala wa minibasi: Lamulungu ndikaonekere, ndi nkhoswe yanga.

Nkhoswe yanga anali achimwene anga, a Sitonadi, dikoni wa mpingo, munthu wofatsa woti ngakhale mbuzi ikamudya chimanga amaiuza mwaulemu kuti ichoke. M'minibasi ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira bondo.

“Mng'ono wanga, ine ndine m'bale wako. Kwa ine ukhoza kunena zoona. Rozi ameneyu ndi wa mpingo wathu?”

Ndinadziwa kuti ndili ndekha.

Tinapeza atatiyalira kale pansi pa mtengo wa mapeyala. Apongozi anga aakazi anakhala chammbali, nkhope atayang'anitsa ku nthochi. Amake Tadala anakhala pafupi nawo, maso ofiira koma ouma. Pa mpando wokhawo wa manja panali nkhoswe ya kuchikazi, malume awo, a Jailosi, kapitawo wopuma ntchito amene anayang'anira othyola tiyi kuyambira nthawi ya azungu. Anavala tayi. Pa katebulo patsogolo pawo panali envulopu yanga, ataitsindikiza ndi peyala losapsa. Ndinaiyang'ana mwachangu: inali yomata. Mtima unatsika pang'ono. Kuseri kwa nkhokwe ndi kuseri kwa nthochi kunali anthu ambiri amene mwadzidzidzi anapeza ntchito kumeneko.

Tinapemphera. Kenako a Jailosi anakonza kukhosi.

“Akamwini, nkhani ndi yaifupi. Rozi ndani?”

“Ndi Sisitala Makwinja, abwana anga a ku kiliniki.”

Ndinkaganiza kuti yankho limeneli lithetsa mlandu. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka “Iii!” Apongozi anawomba m'manja kamodzi. Amake Tadala anandiyang'ana koyamba.

“Sisitala? Omwe ndimawapatsa nanazi aja? Omwe anandichiritsa Tadala?”

“Ndi abwana awo omwe,” anatero a Jailosi, akugwedeza mutu. “Zinthu zake zimayamba choncho. Ndaona zambiri pa esiteti ine.”

“Malume, si zimene mukuganizazo. Ndi kalata ya umboni wa ntchito.”

“Umboni wa ntchito amaunkhiza?”

“Ndinkaona ngati yanyowa.”

“Ndi mphuno?”

Achimwene anga anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mapeyala.

“Ngati ndi ya ntchito,” anapitiriza a Jailosi, “palibe vuto. Titsegule, timve tonse, tidye, mubwerere ndi akazi anu.”

“Siingatsegulidwe, malume. Ikatsegulidwa yafa.”

“Yafa? Ili ndi moyo?”

“Eni ake anati isatsegulidwe.”

“Eni ake ndani?”

Apa ndinapanikizika. Kunena eni ake kunali kuulula ulendo wonse pamaso pa mudzi, chinthu chomwe ndinachibisa miyezi yonseyo. Ndiye amake Tadala analankhula, motsitsa, osayang'ana aliyense.

“Malume, asavutike. Ngati pepala limenelo ndi lofunika kuposa ine, alitenge azipita nalo. Ine ndi ana tikhala konkuno.”

Sindinawamvepo akulankhula ndi mawu otero. Si mawu oopseza ayi, anali mawu a munthu amene waganiza kale za komwe ana akalowe sukulu. Ndinayang'ana envulopu, ndinaganiza za maulendo onse a ku Limbe, za mafomu amene ndinalemba ndi kufufuta mpaka maso kuwawa. Ndinayang'ananso mayi amene anandikwatira ndili ndi buluku limodzi.

“Tsegulani,” ndinatero.

A Jailosi anatulutsa kampeni m'thumba. Phokoso lija la pepala likung'ambika ndinalimva m'mano.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwerenge, popeza inali m'Chingerezi. Anandimenya ndi maso.

“Woimbidwa mlandu samasulira yekha. Chizungu ine ndinachiyankhula ndi eni ake inu musanabadwe.”

Anavala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, anaimirira, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a pa ndawala, mzere umodzi m'Chingerezi, kenako kumasulira. Chizungu cha a Jailosi chinali cha m'munda: cholamula, chowerengera madengu, chokalipira ochedwa. M'kalata chinkaterereka.

“Akuti: Kwa amene zikumukhudza.”

“Ndine,” anatero amake Tadala. “Pitirizani.”

Sisitala analemba kuti andidziwa bwino kwa zaka zambiri pogwira ntchito limodzi. A Jailosi anati, “Bambo ameneyu ndakhala naye moyandikana kwambiri kwa zaka zambiri.”

“Zaka zambiri!” anabwereza wina kuseri kwa nthochi.

Sisitala analemba kuti ndagwira ntchito moyang'aniridwa ndi iwo, masana ngakhale usiku. A Jailosi anaima kaye, anapukuta magalasi, anawerenganso chamumtima, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

“Achemwali, mawu awa ndi olemera. Mupirire. Akuti wakhala ali pansi panga usana ndi usiku.”

Apongozi anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu. Achimwene anga anayamba kung'ung'udza nyimbo ya mpingo.

“Malume, akutanthauza udindo! Iwo ndi akulu, ine ndine wamng'ono!”

“Kukula kwawo tikukudziwa, tinawaonapo. Khalani chete. Akuti manja ake ndi ofewa. Akuti satopa. Akuti ndikamuitana amabwera msanga, ngakhale kukugwa mvula, ndipo sadandaula.”

“Kunyumba ndikawatuma makala amadandaula,” anatero amake Tadala.

Chodabwitsa n'chakuti pakati pa moto wonsewo, kachigawo kena ka mtima wanga kankasangalala. Sisitala, amene sanandiyamikirepo ngakhale tsiku limodzi, analemba zonsezi za ine? Za pa benchi sanatchule! Ndikuganiza kuti ndinamwetulira pang'ono, chifukwa a Jailosi anandiloza ndi kalata.

“Taonani, akusekerera. Akukumbukira.”

Kenako anafika pamene Sisitala analemba kuti ndathandiza amayi ambiri kubereka bwinobwino pa esiteti. A Jailosi anakhala pansi. Anavula magalasi.

“Akamwini, ine ndimayesa nkhani ndi ya mkazi mmodzi. Apa akuti ana ambiri pa esiteti paja anabadwa chifukwa cha inu.”

Kuseri kwa nkhokwe wina anagwetsa ndowa. Ine ndinaimirira, ndinalumbira, ndinafotokoza za ambulansi yofera pamtunda, za magolovesi, za lumo lodulira mchombo. Achimwene anandikoka buluku kuti ndikhale pansi. Ndikukhulupirira kuti apa amake Tadala anali atayamba kale kuzindikira kuti chimene chikudwala ndi Chizungu cha malume awo, chifukwa ndinaona pakona pa mlomo wawo pakunjenjemera. Koma sanandipulumutse. Anandisiya ndipse.

“Watsala mzere umodzi,” anatero a Jailosi. “Akuti akachoka ndidzamusowa kwambiri, koma dziko limene akupitalo lidzapeza munthu wokhulupirika.”

Amake Tadala anadzutsa mutu.

“Dziko liti?” anafunsa amake Tadala. Kumwetulira kuja kunali kutapita.

Ndinaulula zonse. Za kafe ya intaneti, za misonkhano ya zaumoyo imene kunalibe, za chilolezo chimene ndinkafuna kudzaika patebulo. Ndinkayembekeza kuti anthu apuma, aseke, anene kuti kani ndi zimenezi. Apongozi anavundukula chitenje n'kulankhula koyamba tsiku limenelo.

“Bola chikanakhala chibwenzi.”

“Amayi?”

“Chibwenzi tikanadziwa kokachipeza. Pa esiteti m'pafupi, minibasi imodzi. Koma kutsidya kwa nyanja? Mwana wanga akanangodzuka tsiku lina n'kupeza pa bedi pali dzenje?”

“Ayi, amayi, tonse tikupita! Ndinawalemba pa fomu, iwo ndi ana omwe!”

Mwamwayi (ndinkayesa mwayi) ndinali nditanyamula mafomu onse m'chikwama. Ndinawatulutsa monyadira n'kuwapatsa amake Tadala kuti aone dzina lawo ndi maso awo. Chingerezi chambiri sachitha, koma dzina lawo amalidziwa, manambala amawadziwa kuposa ine. Anatsata ndi chala. Nkhope inayamba kufewa. Kenako chala chinaima.

“Chaka chobadwa ichi n'chandani?”

“Chanu.”

“Mwandiwonjezera zaka. Mwandisandutsa mkulu wa achemwali anga.”

“Ndinangoyerekeza…”

“Nanga apa, pafupi ndi dzina langa, mwalemba kamzere. Akufunsa chiyani?”

A Jailosi anasuzumira. Mwatsoka, mawu amenewa okha ndi amene anawamasulira molondola tsiku lonselo. “Akufunsa ntchito imene mumagwira. Akamwini ayankha kuti palibe.”

Abale anga, amake Tadala amagula nthochi ndi nanazi kwa alimi a ku Masambanjati, n'kumakweza pa lole kupita nazo ku Limbe. Amadzuka ine ndikadali m'bulangete. Njinga imene ndinkapalasa ija anagula ndi iwo. Ngakhale maulendo anga a misonkhano yabodza ija, thiransipoti inkachokera m'kachitini kawo.

“Palibe,” anabwereza, akundiyang'ana. “Ine ntchito yanga ndi palibe.”

Mlandu wa Rozi unatha mphindi yomweyo, palibe anaukumbukiranso. Umene unayamba apa ndi umene unatifikitsa mpaka dzuwa kupendeka. Sindinena zonse zimene ndinauzidwa. Achimwene anga, amene anakhala chete tsiku lonse, apa ndiye anapeza mawu, ndipo anali kumbali ya akuchikazi. Chigamulo chinali chakuti ndipepese kwa akazi anga, ndipepese kwa apongozi, ndikonze fomu, ndiponso ndikapepese kwa Sisitala chifukwa choipitsa dzina lawo (ngati kuti ndinamasulira ndine). A Jailosi anandibwezera kalata yong'ambika ija ndi manja awiri.

“Koma akulemberani bwino,” anatero. “Chizungu chake chozama.”

Lolemba m'mawa tinapita tonse awiri ku kiliniki, amake Tadala atanyamula nanazi ziwiri. Ine ndinkayenda kumbuyo. Mbiri inali itatitsogolera kale, mlonda wa pageti anandipatsa sawasha n'kunena kuti, “Mwadzuka bwanji a Manja Ofewa?” Mu ofesi, ndinaika kalata yong'ambika patebulo n'kuyamba chibwibwi. Amake Tadala anandidula n'kufotokoza okha, mzere ndi mzere, mpaka kutsanzira mawu a malume awo.

Sisitala anamvetsera nkhope ili gwa. Pofika pa “pansi panga usana ndi usiku” anavula magalasi. Pofika pa ana a pa esiteti anagwira tebulo. Kenako chinaphulika chiseko chimene sindinachimvepo chiyambire ntchito, mpaka misozi, mpaka odwala panja anayamba kusuzumira pawindo.

“Ine?” anatero akupukuta m'maso, akundiloza. “Ndi awa? Mayi, ngakhale umasiye utandivuta bwanji!”

Amake Tadala nawo anaseka mpaka kutsamira khoma. Ine ndinaima pakati pawo, osadziwa ngati ndakhululukidwa kapena ndanyozedwa.

Sisitala analemba ina tsiku lomwelo. Nthawi ino anabwereka chidindo ku ofesi ya manijala, ma X sanaikepo, ndipo anasamba m'manja asanaimate. Atamaliza anandidutsa ine n'kuipereka kwa amake Tadala. Fomu tinalembanso limodzi patebulo la kunyumba, chaka chobadwa cholondola, ndipo pa ntchito tinalemba kuti wamalonda, ndi zilembo zikuluzikulu. Ku positi tinapita tonse.

Kenako kudikira. Mvula inabwera, inapita. Tiyi anadulidwa, anaphukanso. Pa esiteti ponse ankadziwa kuti ndikupita kunja, ndiye aliyense wokumana nane ankati, “Mukadalipo?” Ena anayamba kundipatsa saizi ya nsapato. Ku kiliniki amayi achikulire ankakana kubayidwa ndi wina aliyense, ati akufuna a Manja Ofewa, moti mzere wanga unkafika ku mtengo wa bulugamu pamene anzanga akudya.

Tsiku lina yankho linafika, envulopu yaikulu ya khaki ya masitampu achilendo. Ndinali nditaphunzira. Sindinaipenyetse kudzuwa, sindinainunkhize. Ndinapalasa njinga molunjika kumsewu kumene amake Tadala ankakweza nthochi pa lole, n'kuwapatsa ndi manja awiri pamaso pa anthu onse, ili yomata.

“Amake Tadala, yafika. Tsegulani ndinu.”

Anaiyang'ana, anandiyang'ana, mkoko wa nthochi uli paphewa.

“Palembedwa dzina landani?”

“Langa.”

“Ndiye mukundipatsiranji? Ine ndimawerenga makalata a anthu?”

Ndinaitsegula ndekha nditatsamira lole. Anayamba ndi kuthokoza, monga amachitira azungu akafuna kukupweteka. Anati mapepala anga onse ali bwino. Koma poti pempho langa linakhalitsa pamzere, kalata ya umboni ija yakalamba. Nditumize ina yatsopano, yachinsinsi, yomata, yosainidwa pomatapo.

Ndinawamasulira amake Tadala, molondola. Anatsitsa mkoko uja, anapukuta manja pa chitenje, n'kuganiza kaye.

“Chabwino,” anatero. “Mukapemphe Lachinayi. Ine ndiwauza malume achape tayi.”

Sindinakapemphe. Ndinati ndidikire kaye anthu aiwale, ndipo ku Thyolo kuno anthu saiwala.